Batani Limene Ndinadina Asiyatu Atapita Kukaswali

Inu owerenga, ine ndinachotsetsa ntchito mwana wa eni wosalakwa, ndipo mpaka lero sindinamupepese.

Sukulu ndinaiyamba ndili kale ndi ndevu, poyamba ya kwacha, kenako yamadzulo. Nditavutika choncho ndinapeza ukalaliki ku bungwe lina lothandiza asodzi ku Monkey Bay. Muofesi tinalimo awiri, ine ndi mtsikana wa ku Makanjira dzina lake Asiyatu. Pansi pa tebulo panali makompyuta awiri, yanga ya Windows yolembera makalata, yake ya Linux yosungira mayina a asodzi. Koma sikirini inali imodzi, kiyibodi imodzi, mausi imodzi. Pambali panali kabokosi ka batani, ukadina zonse zinkasamukira ku kompyuta inayo. Mpando tinkasinthana.

Aliyense ankadziwa kuti ya Asiyatu sindinkaitha. Abwana ankaseka kuti madala akadina batani amasochera ngati mlendo mumsika. Sankadziwa kuti mtsikanayo ankandiphunzitsa mobisa nthawi ya nkhomaliro kuti ndisamachite manyazi. Ankati, "Bambo, musaiope, siluma."

Kenako tinamva kuti bungwe lisunga kalaliki mmodzi. Sindinafunse kuti ndani, ndinkadziwa kuti sindine. Tsiku lina masana Asiyatu anapita kukaswali osatseka kompyuta yake. Ndinadina batani lija, ndinafufuta mndandanda wa asodzi oyenera kulandira maukonde, n'kukhuthula ndi bini yomwe, monga mmene anandiphunzitsira. Ndinadinanso n'kupitiriza kalata yanga.

Tsiku logawa maukonde asodzi anadzaza pabwalo, mayina palibe. Anamutukwana mtsikanayo, ena ankati wapatsa abale ake maukondewo. Abwana anapeza kuti mndandandawo unafufutidwa m'dzina la Asiyatu. Wina atafunsa za ine, iwo anati, "Madala awa? Kuiyatsa komwe sadziwa." Ndinaseka nawo, inu owerenga. Ndinawonjezanso kuti ana amasiku ano ndi aphuma. Asiyatu anandiyang'ana nthawi yaitali. Akanatha kuulula kuti anandiphunzitsa, koma sanaulule. Anatenga chikwama chake n'kutuluka.

Patapita zaka ndinapita ku Makanjira kumaliro. Ndinamupeza Asiyatu akuyanika usipa pathandala, mwana ali kumsana, manja atang'ambika. Anagwada n'kundipatsa moni waulemu. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Bambo, phunziro lija linakuthandizani?" Ndinayankha kuti dzuwa latentha, n'kuchokapo.

Inu amene mumagawana kiyibodi ndi sikirini kuntchito, tsekani kompyuta yanu ndi pasiwedi ngakhale mukungofika pakhomo. Kompyuta imasunga dzina la amene anaitsegula, siona dzanja limene lagwira mausi. Ndipo musaganize kuti munthu amene onse amamuseka sangakupwetekeni. Mukalakwira mnzanu pepesani msanga, m'kamwa musanaume ngati mwa ine.

Mpando uja ndinakhalapo ndekha mpaka kupuma ntchito. Tsiku lililonse ndinkadina batani lomwelo, n'kulemba mayina a asodzi monga mmene Asiyatu anandiphunzitsira.