Nyumba ya Agogo Isanakhale ndi Makoma

Agogo anga aamuna, a Chisale, ndikawakumbukira ndimamva fungo la sopo wobiriwira ndi fumbi la mumgodi, lija silinkachoka m'makwinya a m'khosi mwawo ngakhale asambe kawiri. Tinkakhala m'komboni ya mgodi ku Bindura, ku Zimbabwe, ndipo belu lowerukira likalira ndinkathamangira kumpanda kukawalandira chipewa cholimba chija, iwo akubwera pang'onopang'ono m'nsapato zawo za mphira, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, utsi wa mbaula utayala m'njira monse.

Anali ndi khalidwe lina lomwe linkatiseketsa. Asanachite chinthu, kaya kukonza njinga, kaya kukalankhula ndi kapitawo, ankakhala pampando n'kutsinzina, manja akuyendayenda m'malere. Agogo aakazi, a Nabanda, ankati, "Asiyeni, akugwira ganyu kumaloto." Koma eni akewo ankati anaphunzira zimenezi pansi pa nthaka. "Nyali ikazima kumeneko, mdzukulu wanga, maso alibe ntchito. Amatuluka ndi amene njira anaiona kale m'mutu."

Nthawi yawo yopuma ntchito itayandikira, m'nyumba munalowa nkhawa. Nyumbayo inali ya kampani, ndipo munthu akapuma ankabweza makiyi. Agogo anachoka ku Dedza ali mnyamata, makolo awo anatha kalekale, ndipo ife tonse tinabadwira kuno. Anzathu achishona patchuthi ankapita kumudzi kwawo, komwe iwo amati kumusha, koma ife kumusha kwathu kunali komboni yomweyo. Atapempha kwa nthawi yaitali, agogo anapatsidwa kamalo ku Musana: tchire, chulu, ndi mtengo umodzi wa masuku.

Loweruka lina anatitenga, ine, mchimwene wanga Yohane ndi agogo aakazi, kukaona malowo. Titangofika ndinathamanga kulunjika kumasuku kuja, ndipo ndinangomva kukuwa kumbuyo.

"Esinati, ima pomwepo! Waboola khoma la chipinda changa."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe ngakhale njerwa imodzi, udzu wokhawokha wondifika m'chiuno.

"Khoma liti, agogo?"

"Bwerera, ukalowere pakhomo ngati mwana wa anthu."

Anandigwira dzanja n'kundizungulitsa mpaka pomwe ankati ndi pakhomo. Anandiuza kuti ndikweze mwendo chifukwa pali sitepe, ndipo ndinakweza. M'katimo anationetsa zenera loyang'ana kuphiri, pangodya poika wailesi, ndi simenti yopakidwa polishi wofiira yomwe anatichenjeza kuti ndi yoterera. Kenako anatiuza kuti titsinzine tinene zomwe tikuona. Yohane anati akuona njala basi. Ine, mphepo ikuwomba m'makutu, ndinaona makatani achikasu akugwedezeka pazenera lija. Nditanena, agogo anawomba m'manja. "Achikasu? Chabwino, alowa."

Tili momwemo panafika mkulu wina wa m'mudzimo, Sekuru Gono, akuweta ng'ombe zake. Anaima n'kumaseka kuona banja lonse likukweza miyendo pamalo opanda kanthu. Agogo anawauza mwaulemu m'Chishona kuti aima pazenera. Mkuluyo anazungulira, anavula chipewa, n'kuwomba m'manja pakhomo pathu pa mphepo paja, akuodira m'Chishona.

"Tisvikewo!"

"Svikai!" anayankha agogo powalowetsa, n'kuwakhazika pamwala womwe anati ndi sofa.

Anacheza mpaka ng'ombe zinalowa m'munda wa eni. Kuyambira tsiku limenelo Sekuru Gono anakhala bwenzi lathu, ndipo ngolo yawo ndi imene inatituntira mchenga ndi madzi.

Agogo sanathere pa kutsinzina. Loweruka lililonse tinkapita kukaumba njerwa pachulu paja, iwo akuponda dothi, ife tikunyamula zikombole, misana ikuwawa. Njerwa zitatsala pang'ono kuotchedwa, mvula inabwera msanga chaka chimenecho, ndipo tinakapeza zambiri zitasungunuka kukhala matope. Agogo aakazi anagwira pakamwa, misozi ikulengeza, chifukwa tsiku lobweza makiyi linali pafupi. Agogo aamuna anakhala pamwala wawo uja natsinzina nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuopa. Potsegula maso anati, "Ndayendamo monse. Nyumba ilipobe, zagwa ndi njerwa chabe." Anapinda buluku n'kulowanso m'dothi. Tinaumbanso, ulendo uno tikufunditsa ndi udzu ndi mapepala apulasitiki.

Tinasamuka denga litangokhomedwa, makoma asanapakidwe laimu. Khomo linali pomwe paja, sitepe pomwe paja, zenera likuyang'ana kuphiri. Agogo ankayenda chipinda ndi chipinda ngati munthu wobwerera kwawo. Agogo aakazi nawo anazungulira nyumba yonse, anatuluka, anayang'ana kuseri, kenako anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"A Chisale, nanga ine ndiziphikira pati?"

Agogo aamuna anakanda m'mutu, akuyang'ana denga.

"Kumeneko sindinafikeko, mayi. Ndikatsinzina, chakudya chinkangofika patebulo."

Agogo aakazi sanakalipe. Anakoka mpando, anakhala, anatsinzina, n'kuyamba kuyendetsa manja m'malere ndendende ngati amuna awo.

"Ndikuona khitchini apa," anatero. "Ya zenera lalikulu, utsi uzituluka bwino. Ndikuonanso inuyo, Lolemba m'mawa, mukuponda dothi pachulu."

Sekuru Gono, omwe anabwera kudzatilandira, anaseka mpaka kukhala pansi. Lolemba m'mawa agogo aamuna analidi pachulu.

Onse awiri anagona kalekale, koma chizolowezi chija chinandikakamira. Zaka zomwe ndinkaluka anthu tsitsi pakhonde la nyumba ya lendi, ndinkaiona saluni yanga m'mutu, magalasi, mipando, ngakhale mawu omwe ndidzalankhule kwa mwini chipinda m'tauni. Tsiku lokapempha chipindacho ndinalankhula mosaopa, chifukwa kwa ine sikanali koyamba. Lero ndili ndi atsikana omwe ndikuwaphunzitsa ntchito, ndipo ndikuganiza zotsegula ina.

M'kombi, minibasi ya kuno, m'mawa ndimatsamira pazenera n'kutsinzina, ndipo kondakitala amandigwedeza phewa, kundidzutsa m'Chishona kuti tafika. "Mhamha, mukai, tasvika!" Ndimamuyankha kuti sindinagone, mwana wanga, ndimakhoma mashelefu. Amandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino, ine n'kutsika ndikuseka.