Udzu wa Alamu Anga

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi m'nyumba ya siwa. Amayi a mvano anali atasiya kuimba, ena akusinza chokhala. Akulu anga, amene amuna awo tinkawaika tsikulo, anali atatsamira khoma pafupi ndi bokosi. Kunja mwera unkawomba kuchokera kudambo la Lisasadzi, wozizira mpaka m'mafupa.

Nditatuluka ndinamva fungo lomwe silinali la nkhuni. Azibambo ochezera pamoto ankasonkhezera udzu wouma, ndipo atatu anali atakhalira mabelo. Mabelowo ndinawazindikira msanga. Malemu alamu anga anasiya fodya kalekale n'kuyamba kuweta ng'ombe ziwiri za mkaka. Mvula ikatha ankatchetcha udzu kudambo ndi makina opachika paphewa, kuuyanika, n'kuudinda ndi jeke yomwe kale ankadindira fodya. Mabelowo ankawasanja m'chigafa, ndipo ndiwo ankadyetsa ng'ombe mpaka mvula ina. Njinga yawo unkatha kubwereka, koma belo ayi.

Ndinafunsa amene anatsegula chigafa. Anati ndi mng'ono wa malemu, poti mipando inachepa.

Mipando inachepadi, sindikana. Koma munthu ameneyu ndimamudziwa. Pamene mkulu wake ankadwala anabwera kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri anayambira kukhola asanalowe m'nyumba.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kukhamuka. Lole inatsitsa a mpingo ochokera ku Mtunthama, matenanti a kuesiteti anafika wapansi, ena akupepesa m'Chitumbuka. Gulu lililonse likafika, mng'ono uja ankakodola anthu kuti atulutse mabelo ena, nkhope ili yachisoni ndithu. Amayi ophika anamasula belo limodzi kuti akolezere moto. Lina anayala pansi kuti okalamba asakhale pafumbi. Mbuzi za m'mudzi nazo zinapeza phwando.

Ndinazemba n'kulowa m'chigafa. Pamtanda pomwe pankapachikidwa makina panali chingwe chokha. Chitini cha masipanala ndi kabotolo ka oilo, zomwe malemu ankapukutira makinawo Loweruka lililonse ngati akusambitsa khanda, panalibenso. Nditacheuka ndinapeza mng'ono uja ataima pakhomo.

"Ndakasunga kwathu, mlamu," anatero. "Pamaliro pamabwera anthu osiyanasiyana."

Mtima unandipsa, koma ndinangoti zikomo. Ndikanauza ndani? Akulu anga ali pachitengwa, mudzi ndi wa eni ake. Mkazi wamasiye akatchula katundu mtembo uli m'nyumba, mawa mudzi wonse unena kuti imfayo ankaiyembekezera.

Mwambo unatha dzuwa litapendeka. Tinanyamuka ndi nyimbo kudutsa m'minda ya fodya yomwe munatsala mapesi okhaokha, mphepo ikutithira fumbi m'maso. Ndinagwira akulu anga pamkono njira yonse. Kumanda mng'ono uja analira mokweza kuposa tonse, mpaka anthu awiri anachita kumugwira. Mwina ankaliradi, mkulu wake anali yemweyo. Ine misozi yanga inali yosakanikirana ndi mkwiyo, ndipo ndinachita nazo manyazi.

Pobwerera tinapeza bwalo lonse lili udzu wopondedwapondedwa, wosakanikirana ndi phulusa ndi madzi otsukira mbale. M'chigafa munatsala mabelo anayi. Ng'ombe zinkalira kukhola.

Anthu atabalalika, mng'ono uja anabwera kwa akulu anga n'kunjuta pakhomo mwaulemu wonse.

"Mlamu, pepani. Nanga ng'ombezi zidya chiyani pano? Udzu mwauona nokha. Ndiganiza mawa ndizitengere kwathu, zingakufereni."

Iye anadikira pang'ono, n'kutsanzika.

Madzulo m'nyumba munangoti zii. Pomwe panali bokosi panatsala mkeka wopindidwa. Akulu anga anandiuza kuti ndipise dzanja kutsindwi, pamwamba pa chitseko. Ndinatulutsa zenga lakale ladzimbiri ndi tupa.

"Kudambo sanatenthe," anatero. "Udzu ukadalipo. Mawa undidzutse mmamawa."

"Akulu, anthu adzanena. Ngakhale kumeta sitinamete."

"Anene. Ng'ombe zanga sizituluka pano."

Anapanira zengalo pakati pa mawondo n'kuyamba kunola, maso ali otupa, mpango wamaliro ukadali kumutu. Ndinatseka chitseko kuti phokoso la tupa lisamveke kutali, kenako ndinapita kwa oyandikana nawo kukabwereka zenga lachiwiri.