Sitiraka yanga inagulidwa ndi shuga

Abale anga, Lolemba lapitali ndinatsogolera sitiraka yaikulu kuposa zonse m'mbiri ya Malomo. Onyanyala ntchito tinalipo ine, amayi ndi azakhali. Bwana wankhanzayo anali bambo anga ondibereka.

Dikirani ndifotokoze musanandiweruze.

Chaka chatha ndinalemba mayeso a Fomu 4, ndipo ndinakhoza mpaka aphunzitsi anga a Chingelezi anapempha madzi akumwa. Kuyambira pamenepo ndakhala ndili m'chigafa kusankha fodya. Fungo lake landilowa mpaka m'mafupa moti udzudzu ukandiluma umachoka ukutsokomola.

Ndiye mnzanga wina ananditumizira pafoni uthenga wa yunivesite ina ya ku Lilongwe. Kuli dipuloma ya nkhani za antchito ndi owalemba ntchito. Akufuna satifiketi ya Fomu 4 yokhala ndi makirediti okwanira, Chingelezi chisasowepo. Anga anakwana. Vuto linali limodzi: kulembetsa kumatseka Lachisanu, ndipo ine sindingakwere minibasi yopita ku Ntchisi Boma kukadinditsa mapepala popanda abambo kuvomera. Kwathu ngakhale nkhuku imatsanzika ikamatuluka.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinawagwadira bwinobwino.

“Akaphunzitsa chiyani kumeneko, Tamanda?” anafunsa choncho.

Ndinayamba kuyala ngati wailesi. Malamulo a ntchito. Mabungwe a antchito. Mmene bwana ndi wantchito angakambirane osagwirana pakhosi. Ndinawauzanso kuti si sukulu yamasewera: ukajomba makalasi sakulola kulowa m'chipinda cha mayeso, malikisi ena amachokera ku ntchito zimene umapereka mkati mwa temu, ena ku mayeso omaliza.

Abambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Ndamva. Akakuphunzitsa mwano. Upita ku uphunzitsi ngati achemwali ako.”

Nkhani inathera pomwepo. Kwa iwo.

Lolemba m'mawa ndinayitanitsa msonkhano kuseri kwa nkhokwe. Ndinafunsa amayi ndi azakhali chimene chikuwawawa pantchito. Azakhali anati tiyi wa m'chigafa alibe shuga, amangokhala ngati madzi otsukira mbale. Amayi anati wailesi abambo amayenda nayo ngati mwana wakhanda, ife n'kumasankha fodya ngati tili pamaliro. Ine ndinawonjezerapo mfundo yachitatu mwachangu: Tamanda apite ku yunivesite. Ndinalemba zonse pakatoni ndi khala, tinakakhala pansi pa mtengo wa mango, manja pamiyendo.

Dziko linaima, abale. Mbalame zinasiya kuuluka.

Abambo anatuluka, anawerenga katoni ija, n'kubwerera m'nyumba. Ndinanong'oneza anzanga kuti bwana wanjenjemera. Posakhalitsa anatulukanso, dzanja ili wailesi, dzanja linali paketi ya shuga yosatsegula. Komwe ankaibisa, mpaka lero sindikudziwa.

Azakhali ananyamuka ngati awaitana dzina kuchipatala.

“Azakhali, mgwirizano!” ndinakuwa.

“Mgwirizano womwewo, mwanawe. Ndikukateleka madzi.”

Ndinayang'ana amayi, mayi anga enieni amene anandinyamula miyezi yonse ija. Anali akukutumula kale chitenje.

“Ife zathu zatheka,” anatero. “Iwe limbikira, usafooke.”

Ndinatsala ndekha ndi katoni. Kenako mbuzi inabwera n'kudya mfundo yachitatu.

Masana abambo anandiitana. Ndinapita ndikutsanzika dziko mumtima.

“Unati wojomba salemba mayeso?”

“Eya, ababa.”

“Lero wajomba. Unatinso malikisi ena ndi a mkati mwa temu?”

“Eya.”

“Chabwino. Yunivesite yayambira m'chigafa muno. Kuyambira mawa ndizikupeza uli kale pamphasa. Fodya amene wasankha ndiziyendera ndekha. Lachinayi mayeso omaliza. Ukalephera, choko chikukudikira.”

Mwaona? Malamulo amene ndinawabweretsa ndekha m'nyumba ndi amene anandimanga. Ndinasankha fodya ngati ndikusankha mwamuna. Tsamba lowala uku, lofiirira uku, long'ambika uko. Abambo ankabwera magalasi ali pamphuno, n'kunyamula tsamba limodzi m'mwamba ngati apeza njoka. “Ili likutani kuno?” Azakhali apo akungopsontha tiyi wawo wa shuga, wailesi ikuimba, osandiyang'ana n'komwe.

Ndili pamphasa paja ndinaganiza zambiri. N'chifukwa chiyani makolo athu kuno kumapiri amadziwa ntchito zitatu zokha? Mphunzitsi, namwino, wapolisi. Ukatchula ina amakuyang'ana ngati wanena kuti ukukaweta ng'ona. Ndipo n'chifukwa chiyani munthu akafunsa za ufulu wake pantchito timati ndi wamwano? Atsikana angati a m'mudzi mwathu muno anapita kutauni kukagwira ntchito zam'nyumba, n'kubwerako ndi kachikwama kokha, atachotsedwa m'mawa umodzi popanda wowafunsa mbali yawo? Timangoti pepani, Mulungu adziwa. Mulungu akudziwadi, koma pansi pano pakufunikanso wina wodziwa malamulo.

Lachinayi madzulo abambo anakhala pampando wawo pakhonde. Ine ndinali nditaloweza mitundu yonse ya fodya, mpaka ina imene sinalimidwepo.

“Funso ndi limodzi,” anatero. “Sitiraka yako inagwa chifukwa chiyani?”

Pakamwa panga panadzaza mawu akuti “azakhali ndi adyera”. Koma azakhaliwo anali pomwepo akusenda mbatata, mpeni uli m'manja. Ndinameza.

“Chifukwa nkhani yanga ndinaibisa kumbuyo kwa shuga wawo,” ndinayankha. “Sindinawafunse ngati akuifuna. Sitinapangane kuti wina asabwerere mpaka zonse zitatheka. Inu munaona pomwe panali pofooka, munagula pomwepo.”

Abambo anachepetsa mawu a wailesi.

“Ndiye kusukuluko amaphunzitsa zimenezi?”

“Ndi zinanso, ababa.”

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali moti ndinakalamba ndili chigwadire.

“Usite diresi. Minibasi yoyamba sidikira munthu.”

Ndinakuwa mpaka anthu a ku Chezi anatumiza uthenga kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Lachisanu tinapitadi limodzi ku Boma, mapepala anadindidwa, ndipo tinawatumiza nthawi isanathe. Kaya anditenga kaya sanditenga, izo n'za ayunivesite. Koma mverani izi. Pobwerera, dalaivala anayamba kukalipira kondakitala wake, kumuopseza kuti amutsitsa panjira ndipo ntchito yathera pomwepo. Abambo, munthu amene Lamulungu ankati ndikukaphunzira mwano, anatsokomola n'kunena mokweza kuti, “Achimwene, lankhulani naye bwino mnyamatayo. Muno muli munthu amene akukaphunzira zimenezo.”

Minibasi yonse inatembenuka kundiyang'ana. Ndinakhala mowongoka ngati nduna, nkhuku ya munthu wina ili pamiyendo panga.

Ndiye inu makolo a ku Dowa ndi ku Ntchisi, mwana wanu akabwera ndi kosi imene simunaimvepo, mumayamba mwamufunsa kuti imaphunzitsa chiyani, kapena choko mwagula kale?

Kunyumba shuga uja watha. Azakhali andifunsa kawiri kuti sitiraka ina ndi liti. Ndawauza kuti ulendo uno mfundo yanga ikhala yoyamba, ndipo mbuzi tiimangirira.