Ambulela ya Keziah

M'chilimwe cha 1954, mwezi wa Okutobala, amai Perpetua Daka anakhazika makina awo osokela pakhonde la sitolo ku Kacholola. Anali amasiye, ndi mwana mmodzi yekha, Keziah.

Masiku amenewo akazi otsika basi yochokela ku Lusaka anayamba kubwela ndi madilesi othina m'chiuno, otambalala m'munsi, oti mwiniwake akatembenuka amafunyululuka ngati ambulela. Dzina linakhala lomwelo. Amai Daka anaphunzila okha kasokedwe kake, ndipo anazindikila chimene atelala anzawo ankachiphonya: nsalu yodulidwa mopingasa imatamuka. Ambulela imayenela kupachikidwa masiku atatu, kenaka mwiniwake aivale, aimilile, telala ayeze ndi kandodo kuchokela pansi, ndiye apinde mpendelo. Ukafulumila, mbali ina imalendewela.

Mu Malichi 1957 Keziah anapeza nchito ku Lusaka. Amake anamdulila ambulela yobiliwila ya madontho oyela, naipachika pamsomali pa 7. Koma lole yomtenga inafika pa 9, litatsala tsiku limodzi. Keziah anawapempha kuti angopinda momwemo, iwo anakana. Anakwela ndi dilesi lakale, atalonjeza kuti adzaimilila pa Khilisimasi.

Makalata anabwela atatu. Yomaliza inalembedwa ku Kitwe pa 2 Febuluwale 1959, yopanda keyala.

Basi ikaima, dzanja la amai Daka linkaimanso pagudumu la makina mpaka womaliza atatsika. Sabata ililonse ankakuntha fumbi pa ambulela ija, naibwezela pamsomali.

Josephine, mkazi wa mwini sitolo, anatopa nayo. "Amake Keziah, yezelani pa mwana wangayu, msinkhu ndi umodzi. Kapena mufuna njenjete ziyambe ndizo kuvala?"

"Msinkhu ungafanane," anatelo amai Daka, "koma kaimidwe n'kosiyana. Wanga amapendekela kumanzele."

Atsikana anayamba kufuna masiketi othina, ndipo pakhonde panazizila. Maso a amai Daka nawo anayamba kuchita nkhungu. Ulusi ankawalowetsela pasingano ndi Josephine. Amai Daka anaona kuti mvula ina ikadzagwa, mpendelo sadzauonanso.

Makina anasiyila Josephine. Ambulela anaikulunga m'chitenge pamodzi ndi kandodo koyezela ndi singano yolowetsa kale ulusi wobiliwila. Ku Kitwe sankadziwako munthu. Anakwela basi pa 14 Ogasiti 1963.