Mabawuti Awiri Otsiriza

Galimotoyo ndinaigula kwa mzungu wina amene ankachoka pa esiteti ya tiyi pamene ndinkagwira ntchito ya ukalaliki. Inali yakale ngakhale nthawi imeneyo: yobiriwira, yamphuno yaitali, magiya ali pachiwongolero, mpando wakutsogolo umodzi wautali ngati benchi ya m'tchalitchi. Bulubuku yake, ya umwini wa galimoto, ndili nayo. Kalata yogulitsirana ndili nayo. Malisiti a matayala, a simenti ndi a malata amene ndinamangira nyumba ndi galaja, onse ali m'sutikesi imene ndatsamiritsapo pepala lino. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asadzanene kuti mkulu uja ankakakamira zinthu za eni.

Koma galajayo ndinaimanga pa dothi la kuchikazi. Ndinali mkamwini m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, njira ya ku Limbuli, kuyambira tsitsi langa lili bii mpaka lonse litachita mbuu. Mkazi wanga anandiberekera ana aamuna okhaokha, ndipo onsewo anapita kukakhala kwa akazi awo monga ndinachitira ine. Pakanakhala mwana wamkazi, sibwenzi ndikulemba izi, chifukwa bambo amakalambira pakhomo pa mwana wake wamkazi.

Mkazi wanga atamwalira, panapita miyezi, kenako anandisudzula. Amene anayankhula anali alamu anga, mlongo wa malemu, mwini mbumba. Si munthu woipa. Ndi munthu waulemu kwambiri, ndipo ulemu wakewo ndi umene unkandipsetsa mtima.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, sitikudandaula," anatero. "Tsopano takumasulani. Katundu wanu yense tengani, palibe akugwireni dzanja."

"Nanga nyumba?"

"Nyumba ili pa dothi, alamu. Dothi silinyamulika."

Nyumbayo anali ataikonzera mwana wamkazi wa mng'ono wake wa malemu, amene anali pafupi kukwatiwa. Ndinatulutsa sutikesi, n'kuyala mapepala pamphasa limodzilimodzi. Alamu anawayang'ana onse mofatsa, ngakhale kuwerenga amachita kutalikitsa pepala.

"Zonsezi n'zoona," anatero. "Malata mukawafuna, sasulani."

Ndisasule denga limene mkazi wanga anatsirizikira pansi pake! Ndinabweza mapepala m'sutikesi. Pobweza m'pamene dzanja langa linagunda bulubuku.

Chaka cha mvula yoopsa ija napolo anatsika m'phiri n'kudula msewu wolowera m'mudzimo. Pamene panali mlatho panatsala chigwembe choti munthu akaimirira pansi saoneka. Anthu anagonekapo mitengo ya bulugama yowolokera apansi ndi njinga, basi. Kuyambira pamenepo galimoto yanga sinatulukenso m'galaja. Matayala anaphwa, batire inafa.

"Mwati katundu wanga yense nditenge," ndinatero. "Galimoto yanga siuluka. Ndidzachoka akadzakonza mlatho."

Alamu anavomera, poti mawu anali awo omwe. Mvula inabwera n'kupita. Kunabwera anthu ena a zipewa zolimba kudzayeza chigwembecho ndi chingwe, ndipo sanabwerenso. Nandolo atayamba maluwa, alamu anandipeza pakhonde.

"Mlatho uja tidzafa osauona. Chigobacho chisiyeni, tikusungirani. Chamoyo pagalimoto ndi injini. Imeneyo anthu akhoza kuwoloka nayo pamapewa."

Ndinasowa pogwira. Ndinangoti, "Chabwino, koma ndichotsa ndekha. Sindifuna munthu wa nyundo pafupi ndi injini imeneyi."

Ndinayamba ndi boneti, nditalemba ndi pensulo pamene panakhala mahinjesi kuti idzabwerere pomwepo. Ndinakhetsa oyilo ndi madzi. Ndinachotsa rediyeta, n'kuitsuka, n'kuiyanika pamthunzi. Waya aliyense ndinkamumangirira kapepala kosonyeza kumene akuchokera. Bawuti iliyonse ndinkaitsuka m'parafini, kuipukuta, kuikulunga mu envulopu yakale ndi kulembapo malo ake. Mabawuti a ekizozi okha anandidyera masiku, chifukwa ukawakakamiza amathyoka.

Kuchitsime ankati mkamwini akuzengereza dala. Anene zimene akufuna. Munthu amene sanamasulepo kabuleta sangandiuze utali wa ntchito yake. Chimene sindikana n'chakuti nthawi yonse imene injini inali m'malo mwake, ndinkadzuka m'chipinda changa, kutsegula zenera langa, kuona mitambo ikutsika m'phiri, ndipo ndikafuna ndinkadutsa njira ya kumanda popita kogula sopo. Kwa mlongo wanga ku Thuchila, kumene ndinayenera kubwerera, ndinachokako ndili mnyamata. Anzanga onse a kumeneko ali pansi.

Koma ntchito, ngakhale uigwire mosamala chotani, imatha. Ndinamasula mabawuti olumikiza injini ndi giyabokosi, n'kuchirikiza giyabokosiyo ndi jeke. Panatsala mabawuti awiri okha, amene amagwiriza injini ku thupi la galimoto, wina uku wina uku. Amenewo ndinawasiya. Alamu akafunsa ndinkati agwira dzimbiri.

Tsiku lina m'mawa, chiperoni chili waa, ndinamva njinga yamoto ikulira tsidya la chigwembe. Posakhalitsa alamu analowa m'galaja ndi bambo wina wamimba, wovala ovolosi yakuda ndi oyilo, thumba lolemera lili paphewa. Anali makaniko wa pa Boma. M'thumbamo munali tcheni buloko, chokwezera zitsulo zolemera.

"Takubweretserani wokuthandizani, alamu. Mukudzipweteka nokha."

Makanikoyo anazungulira galimoto akuimba likhweru.

"Madala, chuma chonsechi munachibisa kuno? Iyitu ndi ntchembere! Agogo anga ankaithawira m'tiyi iyi ikamabwera. Ndiye mabawuti mwawaika m'maenvulopu, mukuwatumiza kwa ndani?"

"Kwa anthu odziwa kuwerenga," ndinatero.

Anaseka mpaka kugwira mimba. Kenako anaona waya wa sitata amene ndinali ndisanamasule, n'kutulutsa pulayala.

"Siyani! Waya sadula, amamasula."

"Pepani bwana kalaliki, tazolowera maminibasi."

Anayala thumba pansi, n'kukwawira kunsi kwa galimoto ndi sipanala. Ine ndinagwada pambali kuti ndione zimene akuchita. Anaika sipanala pa nati yoyamba, n'kukoka pang'ono. Ndinaiona nati ikusuntha. Nayenso anaimva. Anatembenuza mutu n'kundiyang'ana, kenako anayang'ana maenvulopu aja ndi nsapato za alamu zimene zinaima pakhomo la galaja. Sindikudziwa zimene alamu anamuuza panjira, koma anachotsa sipanalayo.

"Eee, akuluakulu, apa ndiye zavuta," anakuwa ali pansi pomwepo. "Dzimbiri lagwira ngati nkhupa pakhutu la galu. Pafunika kumathira mafuta a mabuleki m'mawa ndi madzulo. Mwina mwezi wamawa."

Dzina la munthu ameneyo sindinalifunse, ndipo ndimadandaula.

Alamu anayandikira. Kenako anavula jekete n'kulipachika pachitseko.

"Tandipatsani chitsulocho."

"Mudetsa buluku la kutchalitchi, akulu," anatero makaniko.

"Tandipatsani."

Munthu wa khasu, amene chibadwire sanagwirepo sipanala, anagona chagada pathumba lija. Poyamba anakokera kolakwika, akumangitsa. Ine ndi makaniko tinawalekerera. Atatopa anayesa mbali inayo, ndipo nati inazungulira ngati chivindikiro cha botolo. Ikanalekeranji kuzungulira? Zaka zambiri m'mbuyomo, posintha mphira za pamenepo, ndinapaka girisi pa mabawutiwo monga ndimachitira ndi bawuti iliyonse. Anthu osasamala, amene amangomanga zouma, dzimbiri limawasungira zinthu zawo. Ine kusamala kwanga ndiko kunanditulutsa m'mudzi.

Alamu anatuluka ndi manati awiri m'manja, akunyezimira girisi. Anawayang'ana, n'kundiyang'ana. Sanakalipe.

"Nawa, alamu. Akulungeni papepala."

Zotsalazo sizinachedwe. Makaniko anapachika tcheni buloko pa mtanda wa denga, mtanda wa mkungudza umene ndinagula ndi chilolezo, ndipo chilolezocho chilipo. Anakulunga tcheni pa injini. Nthabwala zinali zitamuthera. Ankakoka pang'onopang'ono, tcheni ikulira kwetekwete, mtanda ukudandaula. Injini inakana kaye kusiyana ndi giyabokosi, ndiye ndinalowetsa chitsulo pakati n'kuitekenya ndekha, chifukwa wina akanaswa. Itasiyana, ndinaigwira ndi manja awiri kuti isakhule utoto pokwera. Galimoto inadzuka kutsogolo ngati munthu amene watula mtolo.

Alamu anaitana amuna a m'mudzi kuti akankhire galimoto m'mbuyo, injini ipeze potsikira. Asanakankhe ndinasuzumira m'dzenje limene linatsala. Pansi, pasimenti, panali mbale yachitsulo yamaluwa ofiira, yothothoka m'mphepete. Mkazi wanga anandipatsa kalekale kuti izilandira oyilo wodontha, akunena kuti watopa kukolopa mapazi anga akuda m'nyumba. Anati ndidzabweze ndikadzatseka podonthapo. Ndinaitola, n'kuipukuta ndi nsanza, n'kuilowetsa m'jekete langa.

Injini anaimangirira pa mitengo iwiri ya bulugama, amuna n'kuinyamula pamapewa. Ankasinthana panjira monga amachitira ndi bokosi la maliro, ndipo ine ndinkatsatira m'mbuyo ndi sutikesi ndi katoni ya maenvulopu. Amayi pachitsime anasiya kupopa. Pachigwembe mitengo yowolokera inali yoterera ndi chiperoni, ndipo ndinawauza kuti aponde bwino. Mmodzi anati, "Musaope madala, sitigwetsa malemu." Ena anamudzudzula ndi maso.

Mwana wolowa m'nyumba uja anandiperekeza mpaka pamenepo. Anagwada, akulira zenizeni, ndipo ndikukhulupirira kuti misoziyo sinali yabodza. Koma potuluka ndinali nditaona makatani ake atsopano atayanikidwa kale pachingwe cha mkazi wanga.

Tsidya linalo panali kalole kamene alamu anakonzeratu kusanache. Ndiye kuti za dzimbirizo sanazikhulupirire n'komwe.

Tsopano ndili ku Thuchila, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga. Phiri limaoneka kuno, koma ndi nkhope ina, si imene ndinaizolowera. Injini ili pakhonde, pamwamba pa tayala lakale, yofunditsidwa chiguduli. Anabwera wina kuifuna kuti akayendetsere chigayo, ndinamubweza. Loweruka lililonse ndimachotsa mapulagi, kudonthezamo oyilo pang'ono ndi kuizunguza ndi sipanala kuti isagwire. Ndamva kuti mlatho sunakonzedwebe, ndiponso kuti m'galimoto muja akusungiramo chinangwa chouma.

Mwezi wathawu alamu anatuma uthenga, mwaulemu monga mwa nthawi zonse, woti pogawa ziwiya za malemu anapeza kuti mbale imodzi yamaluwa ikusowa. Ndinayankha kuti mbaleyo ili pantchito. Podonthapo sindinatseke.