Mawu Awiri Amene Anakwirira Kasupe

Pali chinthu chimene sindinauzepo mwamuna wanga, ngakhale aphunzitsi a ku mishoni amene anandipatsa setifiketi ya uphunzitsi nanditcha mtsikana wokhulupirika. Kasupe wa pamudzi pathu, kufupi ndi Muloza, sanagulitsidwe ndi bambo anga monga anthu amanenera. Ndinamukwirira ndine, ndi pakamwa pangapa, ndili ndi zaka ngati khumi.

Makolo anga anali Alomwe ochokera kutsidya, m'dziko la Apwitikizi. Bambo anga, a Mulewa, asanathawe anakhalapo ku Kelimane, mzinda wa kunyanja yamchere, akusenza matumba padoko. Za kumeneko sankakonda kukamba. Koma tsiku lina akamasoka mphasa pakhonde, lilime linkamasuka. Ankati msewu wa akuluakulu a mzindawo unali wotambalala, wosesedwa m'mawa uliwonse, ndi nyali m'mbali mwake. Kuseri kwake, kumene ankagona anthu osenza katundu, chitsime chinali chimodzi, cha madzi amchere, ndipo mvula ikagwa matope ankalekeza m'mawondo. Anthu akadandaula, asipayi, amene ndi apolisi a Apwitikizi, ankabwera ndi chikoti kudzafunsa amene wayambitsa.

"Boma limayamba kusesa pamene lidzaponde lokha," ankatero bambo. Kenako ankandiloza ndi singano ya mphasa. "Iwe wapakamwa iwe, pamaso pa mzungu dzina la Kelimane lisatuluke. Adzadziwa kuti tinathawa, adzatibweza."

Mudzi wathu unali wa mabanja othawa okhaokha, ndipo tinamanga pamenepo chifukwa cha kasupeyo. Ankatuluka pansi pa mwala, pamizu ya mkuyu, madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa. Womusamalira anali a Namwili, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ankachotsa masamba m'madzimo ndi kupirikitsa mbuzi ndi ana mofanana. Ine ndinali nditayamba sukulu, choncho pamudzi ponse ndinali ndekha woyankhula Chinyanja osapunthwa. Akuluakulu ankangodziwa moni ndi mawu a pamsika.

M'mawa wina m'chilimwe anafika bwana wa boma atanyamulidwa pa machila, ali ndi asilikali awiri ndi kalaliki wake, Che Saidi, Myao wa mkanjo woyera. Che Saidi ankadziwa Chizungu, Chiyao ndi Chinyanja, koma Chilomwe ayi. Atafunsa womasulira, anthu anandikankhira kutsogolo. Ndikukumbukira fumbi lotentha kumapazi, fungo la thukuta la amachila, ndi nsalu yanga imene ndinkangoikokera m'mwamba.

Bwana ankayankhula kwa Che Saidi, Che Saidi kwa ine, ine kwa anthu. Uthenga unali wakuti boma likufuna kutukula dera lathu, ndipo lilambula msewu wowongoka wa ngolo kuchokera ku minda ya tiyi ya azungu mpaka kumalire. Msewuwo udzadutsa pamkuyu. Koma boma silichita kanthu lisanamve anthu ake, choncho tinene zakukhosi. Zimenezi ndinamasulira zonse, osasiyako.

Amuna anayang'ana pansi. Amene anagwada ndi kuwomba m'manja anali a Namwili. Anayamba ndi mawu akuti "Tamva." Inu amene simuli a kwathu, mudziwe kuti munthu wolemekeza wamkulu amayamba choncho ngakhale akufuna kukana. Ndi ngati kuodira pakhomo. Nkhani imakhala isanalowe. Kenako anatsegula pakamwa m'Chilomwe:

"Tamva, koma pamkuyupo ndi pamene timamwa. Msewu ukhote, udzere kumunsi kwa chulu, malo alipo. Ngolo ilibe ludzu. Muwafunse a Mulewa awa za ku Kelimane, kumene azungu anasesa msewu wawo anthu akumwa mchere. Kodi tinawoloka mtsinje kuti tidzapezenso zomwezo?"

Dzina lija linandigwera ngati khala lamoto. Ndinayang'ana mfuti ya msilikali, ndinayang'ana bambo. Iwo anali chizolikire. Ndikadatha kungosiya za Kelimane n'kunena za chulu. Lero ndikudziwa zimenezo. Koma tsiku limenelo mawu onse anali atamangana mtolo umodzi m'mutu mwanga, ndipo ndinaopa kuti ndikasolola amodzi, ena onse atsatira.

"Iwe kamtsikana, akuti chiyani mayiwa?" anafunsa Che Saidi. "Fulumira, bwana akupsa ndi dzuwa."

"Akuti amva."

"Mawu onse aja? Amva basi?"

"Basi."

Che Saidi anaseka. "Chilomwe chanuchi n'chachitali ngati njira yokwera phiri la Chambe. Munthu kutuluka thukuta lonselo kuti angonena kuti wamva!"

Anatembenukira kwa bwana nanena mawu ochepa. Bwana anamwetulira, nagwedeza mutu, nalemba m'kabuku kake. Anthu ataona kumwetulirako anayesa kuti pempho lawo laloledwa, ndipo anawomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Bwana naye anayesa kuti akumuthokoza chifukwa cha msewu, navula chipewa. Aliyense anachoka pabwalopo wokondwa, kupatula ine.

Sabata isanathe, zikhomo zinakhomedwa mzere umodzi, kulunjika pamkuyu. Choipa kuposa apo, Che Saidi anabweranso ndi jekete ya mabatani onyezimira. Anati bwana wasankha bambo a kamtsikana kanzeru kaja kuti akhale kapitawo wa olambula msewu. Munthu wothawa kwawo angakane bwanji mphatso ya boma? Bambo anaivala. Anaimirira pomwepo mkuyu ukugwa, miyala ndi dothi zikuthiridwa pa kasupe. Madzi anayesa kutulukira m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, ofiira, mwezi umodzi kapena iwiri, kenako anasowa. Amayi a m'mudzi anayamba kulawirira kumtsinje, ulendo wobwerako dzuwa litakwera.

Palibe anaganizira mwana. Anthu ankati a Mulewa anapita okha ku boma mwakachetechete, nasinthanitsa madzi ndi jekete. Dzina lawo linasanduka a Jekete. Akafika pamene amuna akucheza, nkhani inkasanduka ya mvula. Pamaliro ankakhala okha pamphasa yonse. Tsiku lina a Namwili akuchokera kumtsinje anatula mtsuko, nalavula malovu patsogolo pa mapazi awo, nasenzanso n'kumapita.

Madzulo a tsiku lomwelo tikuthyola nandolo kumunda, bambo anandifunsa osandiyang'ana.

"Mwanawe, a Namwili anayankhula nthawi yaitali. Iwe unayankhula pang'ono. Unanena chiyani?"

Ndinawauza, ndikulira. Ndinayesa kuti atola ndodo. Koma anangothira nandolo m'dengu.

"Ndinakuopseza ndine," anatero. "Tsono tamvera. Ine ndine mwamuna, tsitsi layamba kuyera, mbiri yoipa ndiisenza ngati thumba la padoko. Iwe ikakukwera, palibe adzakufunsire mbeta pamudzi pano. Pakamwapo utseke. Ngakhale amako."

Ndinatseka. Ndinakula, ndinaphunzira, ndinakwatiwa, ndipo anthu omwe ankalavulira bambo anadya nawo paukwati wanga.

Ndinene zoona, pali zimene zimandizunguza. Tsiku la msonkhano lija, kumbuyo kwa machila kunali wamtengatenga atasenza mtolo wa zikhomo, zosongoledwa kale, mitu yake yopakidwa laimu. Munthu wobwera kudzafunsa maganizo amasongoleratu zikhomo? Ndipo Che Saidi, amene anakhala zaka zambiri pakati pa anthu, sanadziwedi kuti mayi sagwada nthawi yonse ija kuti angovomera? Anandifunsanso kamodzi kokha, naseka. Mwina yankho lalifupi ndi limene ankalifuna. Ndaphunzira kuti boma likati likumva anthu, limatchera khutu ku mawu amene akukwana m'kabuku kake, ndipo wosauka akayamba ndi ulemu, ulemuwo ndi umene umalembedwa.

Koma sindingadzitsuke nazo zimenezi. Msewu womwewo, mukautsata chakumtunda, umakhota bwinobwino kuzungulira dimba la maluwa la mzungu wa munda wa tiyi. Kukhota umatha. Kaya ukadakhotera ife, sindidzadziwa, chifukwa mawu a chulu sanafike m'khutu la bwana.

Bambo anamwalira dzinja lapitali. Mwezi watha ndinabereka mwana wanga woyamba, wamwamuna. Potuluka m'chikuta ndinapempha kuti atchedwe Mulewa. Amalume anakanda pamutu. Amayi aang'ono anati, "Dzina limenelo lipume kaye, mwanangu. Ukufuna anzake azidzamufunsa kumene anasiya jekete?" Anthu anaseka pang'ono, mwamanyazi. Ine ndinayang'ana mwanayo ali m'manja mwanga, mkaka ukundiwawa m'mawere, ndipo ndinakakamira mpaka analola monyinyirika.

Dzana ndinamubereka kumbuyo n'kupita kwa a Namwili. Akalamba, maso achita khungu, koma mawu akadali omwe aja. Ndinawapeza akusenda nyemba za kalongonda. Ndinagwada ndi kuwauza zonse, kuyambira pa singano ya mphasa mpaka pa munda wa nandolo. Manja awo anaima.

"Ndiye malovu anga aja ndinalavulira munthu wosalakwa?"

"Inde, mayi."

"Ndipo iwe unadikira kuti afe, ndisakawapepese?"

Sanandipatse mphasa, sanapemphe kunyamula mwana. Anangoti, "Pita, dzuwa limupweteka mwanayo," nabwerera ku kalongonda wawo.

Pofika mawa mudzi wonse ukhala utadziwa, ndipo mwamuna wanga ndiyenera kumuuza asanamve kumsika wa ku Milonde. Ndaphwanya lamulo la bambo kuti ndiyeretse dzina limene mwana wanga adzayende nalo. Koma tsopano mwana yemweyo adzakhala wa mayi amene anaumitsa mudzi, nasiya bambo ake alowe m'manda ndi mlandu wosakhala wawo. Atsikana amene ndimawaphunzitsa, kaya makolo awo adzawatumizanso kwa ine. Ndipo gogo uja ndamusenzetsa chisoni chimene alibe kokachitula.

Inu amene mwawerenga, makamaka amayi anzanga, ndiuzeni mosandinyengerera. Ndachita bwino kuulula, kapena ndangochotsa katundu pamutu pa wakufa n'kumuika pamutu pa khanda?