Chizungu cha Che Shaibu

Malaya oyera amene Che Shaibu amavala poperekera alendo chakudya ndimachapa ndi kusita ndine. Dzina langa ndi Maud, ndimagwira ntchito yochapa pa loji ina kuno ku Nkopola, ndipo nkhani yawo ndikuinena chifukwa eni ake sanganene. Munthu uja si wodandaula. Ine ndiye pakamwa panga palibe chitseko.

Anabadwira ku Makanjira, tsidya lija kumene mvula ikagwa lole imagona m'matope. Sukulu sanapite nayo patali. Anakula akupalasa bwato ndi kukoka makoka, ndipo chambo chitayamba kusowa anawoloka kudzafuna ntchito. Anayamba ndi kupala nsomba kuseri kwa khitchini. Chizungu anachita kutola ngati nkhuni, apa kamtengo, apo kamtengo: china kwa Mabunu obwera ndi matenti pamwamba pa galimoto, china kwa mayi wa ku Sikotilandi amene ankayendetsa lojiyo masiku amenewo, china kwa Amwenye a ku Limbe obwera pa Isitala. Koma lilime linakhalabe la kwawo. Pamene ife timati fishi, iwo ankati pishi. Pamene timati vejetebo, iwo ankati wejetebo. Ngakhale zikomo wa Chichewa ankatuluka sikomo.

Pa loji yathu panalibe pepala la zakudya, chifukwa chophika chinkadalira zimene asodzi abweretsa m'mawa. Choncho masana aliwonse woperekera wamkulu ankaima pakati pa chipinda chodyera, manja kumbuyo, n'kulengeza pamtima zonse zimene zili pamoto. Ntchito imeneyi inali ya Che Shaibu kuyambira ana anga asanabadwe. Ankaikonda kuposa malipiro ake. Ankayamba apita kukhitchini kukaona nsombazo ndi maso, kenako n'kudzaima pagalasi la m'chipinda changa chositira, kukonza kolala, kutsokomola pang'ono, basi n'kulowa. Mawu awo ankamveka mpaka kumene ine ndimayanika mashiti a pabedi.

Azungu ndawaona a mitundu yonse. Mjeremani amalankhula Chizungu ngati akukukuta chimanga chokazinga. Mtaliyana amachita kuimba. Mayi wa ku Sikotilandi uja, mwini chilankhulo weniweni, azungu anzake ankachita kumufunsa kawiri. Palibe amene anamutumiza kuseri kwa khitchini chifukwa cha zimenezo. Ndipo onsewa akamva Che Shaibu akulengeza, ankangosankha chakudya n'kudya. Ena ankabweranso chaka chotsatira n'kuwafunsa ndi dzina.

Kenako zinthu zinasintha. Mayi uja anagulitsa loji n'kubwerera kwawo. Azungu anachepa, m'malo mwake munadzaza anthu a mawekishopu, Amalawi anzathu ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, a mabotolo a madzi m'manja ndi zingwe za mayina m'khosi. Eni ake atsopano anatibweretsera manijala, a Raymond, munthu wophunzira sukulu zolipira, wolankhula Chizungu cha m'mphuno ngati wadwala chimfine chosatha.

Tsiku lina masana Che Shaibu analengeza monga mwa masiku onse. Atamaliza, mayi wina wa pa tebulo lalikulu anakweza dzanja.

"Madala, tabwerezaninso. Sitinamve bwino."

Anamva bwinobwino, ine ndinali pazenera. Koma Che Shaibu analeredwa kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo chimene wapempha umamupatsa. Anabwereza. Tebulo lonse linaphulika ndi phwete. Iwo anaganiza kuti anthu akondwera ndi ntchito yawo, nawonso anamwetulira, n'kuwerama pang'ono.

"Kamodzi kokha, madala, pa nsomba paja!"

Anabwerezanso, mokweza kuposa poyamba, mafoni atawaloza kumaso. Anthu omwewo ndinali nditawamva m'mawa akulankhula mu holo. Wa ku Mzimba anali ndi katchulidwe kake, wa ku Nsanje kake, wa ku Dedza ankasokoneza malemba ena ngati tonsefe. Anyani sasekana zikundu. Koma tsiku limenelo anapeza wowaposa kunyozeka, ndipo anamudya wamoyo.

Sabata isanathe, kanema amene anawajambula tsikulo anali pa foni iliyonse. Wina analembapo kuti Chizungu cha ku Mangochi. Anyamata a kabaza pa msewu ankati akaona Che Shaibu akudutsa, ankakuwa kuti pishi, pishi. Mwana wawo Halima, amene ndi mphunzitsi wa pulayimale kwa Mponda, anamuona kanemayo m'chipinda cha aphunzitsi, anzake akugwa ndi kuseka asakudziwa kuti ndi bambo ake.

A Raymond anawaitanira ku ofesi. Anati lojiyo ikuchita manyazi, anthu ayesa kuti kuno kulibe wodziwa Chizungu. Anawaletsa kuvala malaya oyera n'kuwapatsa ovolosi ndi leki, kuti azisesa mchenga ndi kutola mabotolo. Kulengeza anapatsa mnyamata wa Fomu Folo amene sankasiyanitsa kampango ndi mlamba. Munthu wa imvi, amene ku mzikiti amakhala mzere wakutsogolo, tsopano ankatola zotsalira za mowa wa ana obadwa dzulo.

Malaya aja anabweretsa okha kwa ine, atawapinda bwino.

"Amayi Maud, mundisungire. Ndibwera kudzatenga."

"Mudzatenga bwanji, Che Shaibu? Anthu awa akutayani."

"Bwana wanena kuti vuto ndi lilime. Ndiye lilimelo tiliwongola, Insha Allah."

Ndinafuna kuwauza kuti vuto si lilime lawo, ndi mitima ya anthu, koma ndinaona kuti chiyembekezo chimenecho ndicho chikuwadzutsa m'mawa. Ndinaika malaya pashelefu ya pamwamba.

Anawongoladi. Loweruka lililonse Halima ankakwera minibasi kubwera kudzawaphunzitsa. Ankakhala pakhonde, mwana akuonetsa bambo ake poika mano pa mlomo wa m'munsi, pamene mano akutsogolo enawo anatha kalekale. Mkati mwa sabata ndinkawamva kuseri kwa chipinda changa, leki ili m'manja, akupemerera mpweya ngati akukoleza moto: fff, fff, fishi. Nthawi zina ndinkaseka ndekha, kenako n'kudzida chifukwa chosekacho. Dzinja linadutsa, mwera unawomba n'kuleka, iwo ali pa fishi ndi vejetebo. Pofika nyengo yotentha, munthu uja ankatchula mawu onse a chakudya mwaukhondo kuposa a Raymond amene.

Ndiye m'mawa wina a Raymond anabwera okha kumchenga, akumwetulira mano onse.

"Madala, kavaleni malaya anu. Lero mulengeza ndinu."

Che Shaibu anafika kwa ine akupuma mwamphamvu ngati mwana. Ndinasita malayawo kawiri. Anatumiza uthenga kwa Halima, ndipo iye anapempha chilolezo kusukulu, n'kufika thukuta lili kamukamu. Tinaima awiri pazenera langa, pamene timaona m'chipinda chodyera.

Analowa, manja kumbuyo. M'chipindamo munali gulu lalikulu la wekishopu, ndipo ndinaona mafoni akukwera m'mwamba asanatsegule n'komwe pakamwa. Analengeza. Liwu lililonse linatuluka loongoka, palibe pamene anapunthwa. Halima anandigwira mkono mpaka kundipweteka.

Palibe amene anaseka. Mafoni anayamba kutsika. Bambo wina wa mimba yake anatembenukira kwa a Raymond.

"Bwana manijala, si ameneyu. Ife tasankha loji ino chifukwa cha madala a mu kanema aja."

A Raymond anawakokera Che Shaibu panja, pafupi ndi zenera lathu lomwelo, osationa.

"Madala, mwatani kodi? Lankhulani ngati kale."

"Bwana, munanena kuti kale ndinkachititsa manyasi."

"Zimenezo zinali kale. Pano anthu akuimba foni kufunsa za inu. Gulu ili labwerera inuyo."

"Ndiye mukuti ndilakwitse dala, kuti aseke?"

"Musazitengere kumtima, ndi bizinesi iyi. Mukafuna malayawo, chitani zimene alendo akufuna. Apo ayi, ngakhale leki ija pali achinyamata ambiri akuifuna."

Ndinkayembekeza kuti avula malaya n'kuwaponya pansi. Ndinkafuna atero, ndikanawaimbira nthungululu. Koma munthu wa zaka zawo ku Makanjira akabwerera kukagwira chiyani, nyanja yake yopanda nsomba ija? Anayang'ana nsapato zawo. Kenako anakonza kolala, anatsokomola pang'ono, n'kulowanso.

Sindibwereza zimene ananena. Phwete linamveka mpaka kumsewu. Anawabwerezetsa pa nsomba paja, iwo n'kubwereza, koma ulendo uno sanamwetulire ndipo sanawerame. Anthu aja sanaone kusiyana kulikonse. Halima anakhala pansi pa mulu wa mashiti akuda, atatseka makutu ndi manja.

Alendo atatha kudya, Che Shaibu anabwera kudzasiya malaya. Anapeza mwana wawo ali pomwepo, maso ali psuu.

"Ababa, koyamba kuja munanena bwino. Simunalakwitse ngakhale pamodzi."

"Ndinadzimva, mwanangu."

"Ndibwerenso Loweruka?"

"Iyayi. Usamavutike ndi minibasi."

Mpaka lero Che Shaibu ndi amene amalengeza chakudya pa loji yathu. A Raymond amawatchula kuti chuma cha kampani, ndipo akalandira alendo pageti amawalonjeza kuti masana aseka. Ine malaya ndimasitabe, koma ndimasita ndi mkwiyo, tsiku lina ndidzawotcha kolala. Kunyumba kwawo, akazi awo amati, Chizungu sichimvekanso, ngakhale adzukulu akabwera ndi mabuku a kusukulu.

Mwezi wathawu a Raymond anadandaula kuti madala sakuseketsanso ngati mu kanema muja, chifukwa nthawi zina lilime limaiwala n'kutchula mawu mmene Halima anawaphunzitsira. Dzana ndikuyanika mashiti ndinawamva kuseri kuja, pamalo pomwe ankaima ndi leki. Anali okha, malaya oyera ali m'thupi, akubwereza chapansipansi kuti asakalakwitse pamaso pa alendo: pishi, pishi, pishi.